Mkamwini wa ku Maryhill

A Dunstan Zangaphee ndinawadziwa chaka chimene ndinafika ku Glasgow kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndinatsika ndege mwezi wa Novembala ndi juzi imodzi ndi nsapato zoonetsa zala, ndipo a kumpingo ataona mmene ndinkanjenjemerera ananditumiza ku Maryhill, kunyumba kwa bambo amenewa ndi akazi awo a Nellie. Anati kumeneko sikusowa chipinda cha mlendo. Chipindacho chinalipodi, koma theka lake linali la matabwa. Ndinagona miyezi ingapo pakati pa matabwa onunkhira utomoni, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la paini ndimakumbuka kuzizira kwa chaka chimenecho.

Bambowa ndi aafupi, a mapewa otambalala, osalankhulalankhula. Kwawo ndi ku Malosa, ndipo ali mnyamata ankacheka matabwa m'phiri la Zomba ndi sowo ya anthu awiri, wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenje. Iwo anali a m'dzenje, amene utuchi wonse umawagwera kumaso. A Nellie, mzungu wa kuno ku Glasgow, anali namwino pachipatala cha mishoni kumeneko, ndipo awiriwa anadziwana tsiku limene a Dunstan anapita kukachotsetsa chitsotso m'diso. Za zimene zinatsatira sanandiuzepo zambiri. Ndimangodziwa kuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anakwera ndege kutsatira mkazi kwawo, ndipo kwa iwo nkhani inali yosavuta: mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi. Ife ena timati tinasamuka, ena amati tili kunja. A Dunstan sananenepo zimenezo. Iwo amati ali pachikamwini.

Chikamwinicho anabwera nacho ndi malamulo ake onse. Zaka zoyamba ankakhala limodzi ndi makolo a Nellie, a Hamilton ndi mayi Janet, m'nyumba ya zipinda ziwiri pamwamba pa masitepe ambirimbiri. Tsono taganizani munthu wofuna kuthawa apongozi ake aakazi m'nyumba yotero. A Nellie ankandisimbira akuseka mpaka misozi. Amati a Dunstan akamva mayi Janet akutsika masitepe iwo akukwera, ankabwerera pansi n'kukaima kuseri pafupi ndi migolo ya zinyalala, mvula ikuwakhuthukira. Pagome limodzi sankadya nawo. Mayiwo zinawadetsa nkhawa, ankaganiza kuti mkamwini amanyansidwa ndi kaphikidwe kawo, mpaka mwana wawo anawafotokozera kuti umenewo ndi ulemu waukulu. Mayi Janet anati ulemu woterowo aupititse kwina. Tsiku lina anawatsekereza kukhitchini, kapu ya tiyi m'manja, n'kuima pakhomo mpaka tiyi yense anatha. Kuyambira pamenepo ankadyera limodzi, koma mpaka mayiwo kumwalira a Dunstan ankalankhula nawo maso ali pansi.

A Hamilton, apongozi aamuna, ankagwira ntchito pamakina ochekera matabwa m'mbali mwa ngalande ya maboti imene imadutsa m'Maryhill. Poyamba analibe nawo mawu akamwini awo, moni basi. Zinasintha tsiku limene a Dunstan, posowa chochita, anatulutsa sowo yaitali yadzimbiri imene inkangogona m'kachipinda ka malasha, n'kuyamba kuinola ndi tupa. Mkuluyo anaimirira pambali nthawi yaitali, kenaka ananena kuti sowoyo inali ya makolo ake. Anafunsa ngati mkamwini ankaima pamwamba kapena m'dzenje. Atamva kuti m'dzenje anaseka, nati a Hamilton onse anali a m'dzenje. Sabata yotsatira anawatenga kukawapezera ntchito pamakina paja.

Mbiri ya tauniyi a Dunstan anaimva kwa apongozi awowo, Lamulungu masana akuyenda m'mbali mwa madzi, ndipo sanatayeko kalikonse. Aliyense wogona m'chipinda cha matabwa chija ankalipira ndi miyendo. Ine anandiyendetsa mpaka zidendene kusupuka.

Ankayamba ndi kunena kuti pano panalibe tauni. Panali minda ya banja limodzi limene chuma chinali kulithera, ndi mtsinje wa Kelvin ukuyenda pansi m'chigwa. Ndiye zaka mazana awiri ndi kanthu zapitazo anthu anaganiza zokumba ngalande yochoka kunyanja ya kum'mawa kukafika ya kumadzulo, kuti ngalawa zisamazungulire dziko lonse. Okumba anabwera ndi mafosholo ndi mawilibala, ena kuchokera ku Ireland, ena kumapiri a kumpoto kumene moyo unali utawavuta. Atafika pa Kelvin sanaime. Anamanga mlatho wamiyala wonyamula madzi, kuti boti lizidutsa pamwamba mtsinje ukudutsa pansi. Apa ine ndinawatsutsa, ndinati bambo musandiyese mwana, mpaka tinafika pamlathopo ndinasuzumira ndekha n'kuvomereza.

Chimene chinabala tauni, iwo amati, ndi kudikira. Pamalowa pali chitunda, ndiye okumba anaika mageti a madzi motsatizana kuti boti lizitsika kapena kukwera pang'onopang'ono ngati pamasitepe. Boti likamadikira geti, anthu a m'botimo amamva njala ndi ludzu. Wina anayamba kugulitsa buledi, wina mowa, wina kusula nsapato za mahatchi okoka mabotiwo, wina anatsegula doko lokonzera maboti obooka. Misasa ya okumba inasanduka nyumba. Kenaka kunabwera mitengo, zipika zikuluzikulu zochokera kutsidya kwa nyanja, ku Canada ndi kumaiko a kumpoto. Ankazimanga ndi matcheni n'kuzisiya m'maiwe okumbidwa pambali pa ngalande, zikhale m'madzi miyezi ndi miyezi kuti zisang'aluke. Amuna ankayenda pamwamba pa zipika zoyandamazo ndi ndodo zazitali zangowe, ndipo woterereka akalowa pansi pa zipika sankatulukanso. Mmodzi wa a Hamilton anapita choncho, n'kusiya mkazi ndi ana aang'ono. Matabwa atachuluka kunabwera mafakitale a machesi, a magalasi, a penti, kunabwera matchalitchi ndi apolisi, mpaka mzinda wa Glasgow unakula n'kumeza tauni yonseyo.

A Dunstan anafika zabwino zitatha kale. Njanji ndi malole zinali zitalanda katundu, ngalande inali yotsekedwa, madzi ake obiriwira, odzaza matayala ndi zinyalala za mtundu uliwonse. Makina awo aja nawonso anatsekedwa patapita zaka zingapo, iwo n'kuyamba ukalipentala wokonza zitseko ndi mawindo m'nyumba za anthu. Ngalandeyo itatsegulidwanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anali m'gulu la anthu odzipereka kuvuula zinyalala, atavala jombo zofika m'chiuno. Masiku ano m'maiwe a zipika muja mumasambira mbalame, ndipo m'njira ya mahatchi mumathamanga anthu ofuna kuchepetsa mimba. Koma m'nkhani yonseyi sindinawamvepo akunena kuti ife. Nthawi zonse ankati makolo a mayi a Ndapile anakumba apa, abale a mayi a Ndapile anamanga apo. Ndapile ndiye mwana wawo mmodzi yekhayo, mphunzitsi, amakhala ku Dennistoun ndi ana ake awiri.

A Nellie anatisiya zaka ziwiri zapitazo atadwala nthawi yochepa. Ine ndinalira ngati ndataya mayi wondibala, chifukwa ndi amene anandigulira jasi langa loyamba ndi kundiphunzitsa kukwera basi osasochera. A Dunstan anavala zakuda chaka chathunthu, kutchalitchi osajomba, ndipo tonse tinkati bambowa alimba mtima.

Chaka chitatha anayamba kugawa zipangizo. Amuna anga a Goodwill anabwera kunyumba ndi pulena yonoledwa bwino, yopakidwa mafuta, akuti bambo andipatsa. Mlungu wotsatira ndinamva kuti matchizulo apita kwa a Reuben a kukwaya. Ine mtima unayamba kundiuza zina, chifukwa bambo amenewa sankabwereketsa ngakhale nyundo. Posakhalitsa Ndapile anafika kwathu ku Pollokshields maso ali psuu. Mwanayu Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi cha kuno chothamanga chija, moti ndinachita kumukhazika pansi kuti ayambirenso. Anati adadi atsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu, ndipo akufunsa za ndege yopita ku Blantyre, ulendo wosabwerera. Ku Malosa alongo awo onse anatha, kwatsala adzukulu amene amawadziwira pafoni. Mankhwala awo a mtima akawapeza kuti? Iye anali atawachonderera, koma anamuyankha kuti imeneyi si nkhani ya ana. Ankadzifunsa kuti walakwa chiyani.

Ndinapita ku Maryhill nditapsa mtima, ndipo ndinawapeza akupinda mashati pabedi.

"Bambo, mwatopa nafe?"

"Iyayi, mayi Malita. Kutopa ayi."

"Nanga sutikesi iyi ndi ya chiyani? Mwana uja mukumusiyira ndani?"

Anamaliza kaye kupinda shati imene inali m'manja. "Mwana ali kwawo. Ine kuno ndinadzera ukwati, ndipo amene ndinadzera anapita. Chaka chatha tsopano. Eni mbumba sanandisudzule, komanso sanandiuze kuti ndikhale. Zikatero munthu umadziwa wekha."

Ndinakhala pampando. Kwathu mkazi akamwalira, nthawi yolira ikatha, abale ake amakhala pansi ndi mkamwini n'kumumasula, kaya abwerere kwawo, kaya akhale pamudzi aziyang'anira ana. Mawuwo amachokera kwa iwo. Ndipo mwini mbumba pano anali a Matthew Hamilton, mlongo wa a Nellie, dalaivala wa basi wopuma pantchito, munthu amene sanamvepo za kusudzula chibadwire. A Matthew ankabwera Loweruka lililonse kudzatenga alamu awo kupita kumpira. Ndiye zinapezeka kuti Loweruka lililonse a Dunstan ankavala shati yoyera, kuganiza kuti lero ayambitsa nkhani ija, koma a Matthew ankangolankhula za mvula ndi za goloboyi wosagwira mpira. Kukhala chete kumeneko a Dunstan anakumva monga mmene akanakumvera ku Malosa: ntchito yanu yatha, koma tikuchita manyazi kukuuzani.

Ndinawalalatira, ndisaname. Ndinati nyumba ino ndi yanu, pasipoti muli nayo, msonkho mwalipira zaka makumi anayi, palibe angakuthamangitseni. Anandiyankha modekha kuti zimenezo ndi za boma, ndipo boma si limene linawapatsa mkazi. Ndinati chabwino, afunseni a Matthew Loweruka likubwerali. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Mkamwini kupempha yekha kuti akhale? Ndinafuna kuwagwira mapewa n'kuwagwedeza. Koma ndinkawamvetsa, ndipo chimenecho ndicho chinandikwiyitsa kwambiri, chifukwa bambo anga ondibala akanachita chimodzimodzi.

Ndisanachoke ndinawafunsa funso limodzi. "Koma inuyo mukufuna kupita?"

Anayang'ana pawindo, cha kumene kuli ngalande. "Zofuna zanga zilibe ntchito apa."

A Matthew ndinakawapeza kukadimba kawo akupalira kabichi. Ndinawafotokozera zonse m'Chingerezi changa, kuyambira chikamwini mpaka kusudzula. Poyamba anaseka, koma ataona kuti ine sindikuseka anafiira mpaka makutu. Anati chaka chonsechi akhala akupewa dala kutchula dzina la Nellie, chifukwa kuno amuna satokosana pabala. Iwo ankayesa kuti kubwera Loweruka lililonse ndiko kunena zonse. Ndinawauza kuti kwathu kubwera n'kwina, kunena n'kwina, ndipo ngati sanena alamu awo akwera ndege. Anandipempha kuti ndiwaphunzitse mawu oyenera kuti akawaloweze. Ndinakana. Ndinati mbumba ndi yanu, mawu a mbumba yanu sindingakubwerekeni. Anakanda mutu, anayang'ana kabichi wawo, n'kupempha kuti ndiwapatse sabata imodzi.

Tinakumana Loweruka masana m'nyumba ya ku Maryhill. A Goodwill anakhala ngati ankhoswe a kuchimuna, ine ndi Ndapile tinakhala pasofa. A Dunstan anavala suti, ndipo anakana kukhala pampando wawo wa masiku onse. Anatenga kampando kakang'ono n'kukhala pafupi ndi khomo, manja ali pamaondo. A Matthew anabwera atamanga tayi yomwe inkaoneka kuti ikuwakanyanga pakhosi. Anakana tiyi, ndipo analankhula chiimirire, manja akulowa ndi kutuluka m'matumba.

Anayamba ndi kuthokoza alamu awo chifukwa chosunga mlongo wawo zaka zonsezi, ndipo aka kanali koyamba chichitikire maliro kuti ndiwamve akutchula dzina la Nellie. Anapepesa kuti mwambowu saudziwa. Anati akumva kuti kwathu mkamwini amapatsidwa munda ndi malo omangapo nyumba, koma a Hamilton alibe mudzi, alibe munda, ngakhale kadimba kaja ndi ka khonsolo. Woyamba wa iwo anafika kuno ndi fosholo paphewa, ndipo palibe anamuuza kuti khala. Ndiye sabata yonse akhala akuganiza kuti kodi banja lawo lili ndi dothi lanji lomwe lingatchedwe lawolawo, ndipo apeza kuti lilipo pamalo amodzi okha.

Kuno banja limagula manda amodzi akuya, n'kumaikamo anthu ake motsatizana, wina pamwamba pa mnzake. M'manda mmene munagona a Nellie munatsala malo a munthu mmodzi. Abale onse ankadziwa kuti malowo ndi a Matthew, poti iwo sanakwatirepo ndipo analibe kwina.

"Alamu," anatero a Matthew, "malo amenewo ndi anu. Mudzagone pamene pali Nellie. Ine sindikukumasulani, ndipo sindidzakumasulani."

A Dunstan anayang'ana manja awo, kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Nanga inu alamu mudzagona kuti?"

A Matthew anati iwo adzawawotche, phulusa lake akalimwaze kubwalo la mpira, popeza timu yawo ija inawapha kalekale. Ndapile anaseka misozi ikutsika. Ine ndinafuna kululuta, koma a Goodwill anandiyang'ana diso lija ndimalidziwa.

A Dunstan anatsika pakampando paja n'kugwada, maondo akulira ndi ukalamba, ndipo anawomba m'manja pang'onopang'ono mwa ulemu wa kwathu. A Goodwill anawathandiza kuwomba. A Matthew, posadziwa chochita, anagwada nawonso, moti kudzuka kwake tinachita kuwakoka onse awiri. Ine ndinathamangira kukhitchini kukateleka ketulo, mtima uli mbee, ndikuti nkhani yatha bwino.

Nditabwera ndi tiyi ndinapeza a Dunstan atakhala pampando wawo wa masiku onse, koma nkhope yawo sinali ya munthu amene wapambana mlandu. Inali yodekha, yotopa, ngati ya munthu amene watula katundu wina n'kusenza wina. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti mphatso ya a Matthew yawapatsa kwawo kuno, koma yawalandanso kwina, ndipo chimwemwe changa chinandichititsa manyazi. Anaika kapu pambali osamwa, n'kuitana mwana wawo m'Chichewa.

"Ndapile, mawa uimbe foni ku Malosa."

Mwanayo anagwada pafupi ndi mpando n'kufunsa kuti akawauze chiyani.

"Uwauze kuti asadzandidikire. Pambali pa amayi anga padzagone wina."